Chimabala uchigawenga n'chiyani: asilikali akunja kapena chipembedzo? Mafunso ndi mayankho

Bomba likaphulika ku Mogadishu, ku Paris kapena ku Palma, anthu amakhala atagawikana kale pawiri wowerenga nkhani pa wailesi asanamalize n'komwe. Ena amati ndi chipembedzo basi, musatitayitse nthawi. Ena amati ayi, mayiko amphamvu ndiwo amaputa mavu potumiza asilikali kwa eni ake. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera pa mkanganowu.

Uchigawenga umene ukunenedwa pano ndi uti?

Kwathu kuno wothyola nyumba usiku timamutchanso chigawenga, koma pano sitikunena ameneyo. Tikunena gulu limene limapha dala anthu wamba, anthu opanda mfuti, kuti liopseze boma kapena mtundu wonse pofuna zandale kapena zachikhulupiriro. Maboma nawo amalimata dzinali pa aliyense amene akuwasowetsa tulo. Dzina la Nelson Mandela linachotsedwa pa mndandanda wa zigawenga wa dziko la America mu 2008, munthu atalamulira kale South Africa mpaka kupuma. Choncho musadalire dzina limene boma lapereka. Funsani kuti ophedwawo anali ndani, ndipo anasankhidwa bwanji.

Amene amaloza chala asilikali akunja ali ndi umboni wanji?

Ali nawo wochuluka. Robert Pape, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Chicago, anawerengera ziwembu zonse zodziphulitsa ndi bomba kuyambira 1980 mpaka 2003 ndipo anapeza 315. Pafupifupi zonse zinachitidwa ndi magulu ofuna kuthamangitsa asilikali pa nthaka imene iwo ankaiona kuti ndi yawo. Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti gulu lotsogola pa ziwembuzi silinali la Chisilamu. Anali a Tamil Tigers a ku Sri Lanka, amene anachita 76, ndipo nkhondo yawo inali yofuna dziko lawolawo, osati yachipembedzo. Ndiwo anapha Rajiv Gandhi, nduna yaikulu yakale ya India, mu 1991, patapita zaka zinayi India atatumiza asilikali ku Sri Lanka.

Ku Beirut pa 23 Okutobala 1983, magalimoto awiri odzaza mabomba anapha asilikali 241 a America ndi 58 a France. Chaka chotsatira asilikaliwo analongedza. Magulu ena anaona zimenezi n'kuphunzirapo kuti njirayi imalipira.

Osama bin Laden naye sankabisa chimene chinkamupweteka. Polengeza nkhondo mu 1996 anatchula asilikali a America amene anali ku Saudi Arabia kuyambira 1990. Mabomba amene anaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam pa 7 Ogasiti 1998 anagwa pa tsiku limene asilikaliwo ankakwanitsa zaka 8 chiyambire kupita ku Saudi Arabia. Anafa anthu 224, koma a ku America anali 12 okha. Otsalawo pafupifupi onse anali a ku Kenya ndi Tanzania, ena ali m'basi, ena ali pa ntchito m'nyumba zoyandikana. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu.

Kenako kunabwera nkhondo ya ku Iraq mu 2003. Sitima zapamtunda za ku Madrid zinaphulitsidwa pa 11 Malichi 2004, asilikali a Spain ali ku Iraq. Ku London pa 7 Julayi 2005 anafa anthu 52, ndipo mtsogoleri wa achiwembuwo, Mohammad Sidique Khan, anasiya kanema wodzudzula zimene maboma a azungu ankachita kwa Asilamu. Mu 2010 Eliza Manningham-Buller, amene anali mkulu wa bungwe la ukazitape la MI5, anauza komiti yofufuza za nkhondoyo kuti kulowa ku Iraq kunakulitsa kwambiri chiopsezo cha uchigawenga ku Britain. Ameneyu sanali wotsutsa boma wa mumsewu, anali mwini ntchito.

Nanga kuno ku Africa zikuonekanso choncho?

Somalia ndiye chitsanzo chosachita kufunafuna. Mu 2006 makhoti a Chisilamu analanda Mogadishu, ndipo al-Shabaab inali kagulu ka achinyamata mkati mwawo. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali a Ethiopia analowa, America ikuwaombera m'manja. Kwa Msomali, Ethiopia ndi mdani wakalekale, ndiye mnyamata amene sankasamala zopita ku mzikiti ankatha kunyamula mfuti chifukwa chongoona akasinja a Ethiopia mumsewu wa kwawo. Pamene Ethiopia inkachoka mu Januwale 2009, kagulu kaja kanali katasanduka gulu lankhondo lolamulira mbali yaikulu ya kummwera kwa dzikolo.

Taonaninso kumene mabomba ankalowera. Uganda inatumiza asilikali ku Somalia mu 2007. Pa 11 Julayi 2010 anthu 74 anafa ku Kampala akuonera ndime yotsiriza ya World Cup. Kenya inalowa mu Okutobala 2011. Mu Sepitembala 2013 kunachitika za ku Westgate, malo ogulitsira malonda a ku Nairobi, komwe anafa 67, ndipo pa 2 Epulo 2015 za ku koleji ya Garissa, komwe anafa 148. Nthawi zonsezi al-Shabaab inkanena poyera kuti ikubwezera. Amene amati zankhondo zakunja zilibe gawo pa nkhaniyi ayenera kufotokoza chifukwa chake mabombawa ankalondola mapazi a asilikali chonchi.

Ndiye kuti chipembedzo chilibe mlandu?

Musafulumire. Bwererani ku Garissa komweko. Achiwembu atalowa m'zipinda zogona za ophunzira ankafunsa kuti Msilamu ndani, Mkhristu ndani, ndipo ambiri ophedwa anali Akhristu. Mtsikana wa zaka 20 wophunzira zauphunzitsi sanatumize msilikali ku Somalia. Asilikali a Kenya akutiuza chifukwa chake chiwembucho chinachitikira ku Kenya, koma satiuza chifukwa chake anthu ankasankhidwa ndi funso lija.

Zilipo zina zimene nkhani ya asilikali akunja siizifikira n'komwe. Mu Ogasiti 2014 gulu la ISIS linafika ku Sinjar ku Iraq n'kupha amuna a mtundu wa Yazidi, akazi ndi atsikana n'kuwagulitsa ngati akapolo. A Yazidi analibe asilikali m'dziko la wina aliyense. Mlandu wawo unali kupemphera mosiyana. Ku Sri Lanka pa Isitala ya 2019 anafa anthu oposa 250 m'matchalitchi ndi m'mahotela, dzikolo lisanalowerepo nkhondo ya ku Syria. Boko Haram inabadwira ku Maiduguri ku Nigeria kopanda msilikali wakunja ndi mmodzi yemwe. Ndipo mu 2016 ISIS inalemba yokha m'magazini yake kuti zochita za maboma a azungu ndi chifukwa chachiwiri chabe, choyamba n'chakuti adani awo si okhulupirira, ndipo chidani sichingathe ngakhale ndege zitasiya kuponya mabomba. Ngati tinakhulupirira bin Laden potchula asilikali, sitingatseke makutu ISIS ikatchula chikhulupiriro.

Ngakhale kafukufuku wa Pape uja ali ndi malire ake. Anathera 2003, mabomba odziphulitsa asanachuluke m'mizikiti ya ku Pakistan ndi m'misika ya ku Nigeria, komwe wopha ndi wophedwa ali a dziko limodzi.

Chimene chikugwira ntchito apa ndi chiphunzitso china chopapatiza chotchedwa takfir. Munthu amadzipatsa mphamvu zogamula kuti Msilamu mnzake si Msilamunso, ndipo magazi ake ndi ololedwa. Chiphunzitsochi chikalowa, malire amachoka. Shehe wotsutsa amaphedwa, mphunzitsi wa pasukulu ya boma amaphedwa, mayi wogulitsa tomato amene anapezeka pafupi ndi bomba amati Mulungu adzaweruza yekha.

Ngati chikhulupiriro chili ndi gawo, bwanji osangonena kuti vuto ndi Chisilamu?

Chifukwa masamu ake sakugwirizana. Asilamu padziko lapansi akuyandikira 2 biliyoni. Chikanakhala kuti Korani payokha imabala zigawenga, bwenzi ku Mangochi ndi ku Machinga kusakugoneka. M'kalembera wa 2018 Asilamu anali pafupifupi 14 pa 100 alionse ku Malawi, ndipo m'mabanja ambiri akummwera muli shehe ndi mkulu wa mpingo amene amakumana pa maliro amodzi n'kudya nsima m'mbale imodzi. Buku ndi lomwelo limene likuwerengedwa ku Maiduguri. Chinthu chimene chili ponseponse sichingafotokoze moto umene wayaka pamalo ochepa.

Komanso ophedwa ambiri ndi Asilamu. Bomba la pa 14 Okutobala 2017 ku Mogadishu linapha anthu oposa 500, pafupifupi onse Asomali a Chisilamu. Mu Novembala 2014 anthu oposa 100 anafera pa mzikiti waukulu wa ku Kano ku Nigeria pa mapemphero a Lachisanu. Ndipo ku Mandera ku Kenya mu Disembala 2015, al-Shabaab itaimitsa basi n'kulamula kuti Asilamu apatuke, iwo anakana, ena n'kubwereka anzawo achikhristu mipango yakumutu. Mphunzitsi Salah Farah, Msilamu, anaomberedwa pamenepo ndipo anamwalira patapita milungu ingapo. Ameneyunso ankawerenga Korani.

Mwambi uja woti nsomba ikawola imodzi zonse zawola ndi wabwino pa dengu la usipa. Pa anthu ndi poizoni, ndipo zigawenga zimaukonda kwambiri, chifukwa Msilamu aliyense akayamba kuonedwa ngati wokayikitsa ntchito yawo yokopa anthu imapepuka.

Kodi zilipo zigawenga za zipembedzo zina, kapena zopanda chipembedzo?

Zambiri. Joseph Kony wa Lord's Resistance Army ankati akufuna kulamulira Uganda ndi Malamulo Khumi, uku akudula anthu milomo ndi kuba ana. Gulu la Aum Shinrikyo linathira mpweya wapoizoni m'sitima za ku Tokyo mu 1995. Chaka chomwecho Timothy McVeigh anapha anthu 168 ku Oklahoma City chifukwa chodana ndi boma la kwawo. Anders Breivik anapha 77 ku Norway mu 2011, ndipo ku Christchurch mu 2019 mzungu wina anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri. Palibe amene anapempha Akhristu onse kuti apepese chifukwa cha Kony.

Nanga eni ake, amene analowa m'magulu amenewa, amati chinawakoka n'chiyani?

Apa ndi pamene mbali zonse ziwiri zimachita manyazi. Mu 2017 nthambi ya United Nations yoona zachitukuko, UNDP, inatulutsa zimene inapeza itacheza ndi anthu pafupifupi 500 amene analowa mwakufuna kwawo m'magulu ngati al-Shabaab ndi Boko Haram. Pafupifupi theka anatchula chipembedzo, koma 57 pa 100 alionse anavomera kuti mabuku achipembedzocho sankawamva bwino kapena sankawadziwa n'komwe. Amene anaphunzira zachipembedzo zaka zambiri ndiwo anali ovuta kuwakopa. Ndipo atafunsidwa chimene chinawakankha komaliza, 71 pa 100 anatchula zochita za boma, monga kuphedwa kapena kumangidwa kwa mbale kapena mnzawo.

Boma lake liti? Lakwawo lomwe. Nthawi zambiri wothyola chitseko usiku sakhala msilikali wa France kapena wa America, amakhala wapolisi wolankhula chilankhulo chanu. Boko Haram isanafike 2009 inali kagulu kovuta ka mlaliki Mohammed Yusuf. Mu Julayi chaka chimenecho apolisi anamupha ali m'manja mwawo, osamutengera kukhoti, ndipo otsatira ake mazanamazana anaphedwa. Amene anabwerera motsogozedwa ndi Abubakar Shekau ndiwo anadzaba atsikana 276 ku Chibok mu 2014. Chimenechi ndi chinthu chachitatu chimene mkangano wa "asilikali akunja kapena chipembedzo" umachidumpha, ndipo mwina ndicho chachikulu.

ISIS inabadwa ndi nkhondo ya America kapena ndi chiphunzitso?

Ndi zonse ziwiri, ndipo simungazilekanitse. Abu Musab al-Zarqawi, woyambitsa gulu limene linadzasanduka ISIS, anali kale ndi chidani chake pa Asilamu a Shia nkhondo isanayambe, koma anali munthu wa otsatira ochepa. Mu Meyi 2003 Paul Bremer, amene America inamuika kuyang'anira Iraq, anathetsa gulu lonse lankhondo la dzikolo. Amuna mazana a masauzande odziwa mfuti anagona ali pa ntchito n'kudzuka ali malova. Ena anadzakumana ndi alaliki a takfir m'ndende ya Camp Bucca, momwe Abu Bakr al-Baghdadi, amene anadzakhala mtsogoleri wa ISIS, anasungidwamo mu 2004. Onjezani boma la ku Baghdad limene linkasala Asilamu a Sunni, ndiye mumvetsa chifukwa chake mzinda wa Mosul unagwa m'manja mwa ISIS m'masiku ochepa mu Juni 2014. Mbewu inalipo kale, koma wogalauza munda n'kuthira feteleza anali wina.

Za ku Cabo Delgado ku Mozambique, pafupi ndi kwathu, zikugwera mbali iti?

Pa 5 Okutobala 2017 anyamata okhala ndi zikwanje ndi mfuti zochepa anaukira malo a apolisi ku Mocímboa da Praia. Pa tsikulo kunalibe gulu lankhondo lakunja lomenya nkhondo ku Cabo Delgado. Choncho amene amati zonse zimayamba ndi asilikali akunja apa alibe poponda.

Chiphunzitso chinalipo, ndipo amene anayamba kuchiona anali mashehe a komweko. Kwa zaka zingapo ankadandaula kwa akuluakulu a boma za kagulu ka achinyamata amene ankalowa mumzikiti atavala nsapato, kukaniza ana kupita ku sukulu za boma, ndi kutcha makolo awo omwe kuti ndi osakhulupirira. Anthu ankawatcha al-Shabaab, kutanthauza achinyamata, ngakhale kuti si gulu limodzi ndi la ku Somalia. ISIS inadzayamba kudzitama ndi ziwembu zawo mu 2019, moto utayaka kale.

Koma taonani nthaka imene chiphunzitsocho chinagwerapo. Mu 2009 ku Montepuez kunapezeka miyala ya rubi, ndipo mu 2010 m'nyanja kunapezeka gasi wochuluka. Okumba miyala pawokha anathamangitsidwa mwankhanza kumayambiriro kwa 2017. Ku Afungi asodzi ndi alimi anasamutsidwa kuti papite ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni, imene pambuyo pake inadzakhala m'manja mwa kampani ya TotalEnergies. Mnyamata wa mtundu wa Mwani wa m'mphepete mwa nyanja ankaona magalimoto akuluakulu akudutsa, ntchito zikupita kwa ochokera ku Maputo ndi kunja, iye akugulitsabe nsomba zouma. Wina akabwera ndi ndalama ya mpamba m'dzanja ili ndi vesi m'dzanja linalo, mukuganiza kuti anayamba kulandira chiti?

Izi sizikuchotsa mlandu pa opha anthu. Ku Xitaxi mu Epulo 2020 anapha anthu 52 amene akuti anakana kulowa gulu lawo, anthu osauka ngati iwo omwe. Nawo oteteza anthu sanatuluke oyera: mu 2021 bungwe la Amnesty International linadzudzula zigawengazo, asilikali a boma, ndi kampani ya asilikali aganyu ya Dyck Advisory Group, onse atatu, kuti anapha anthu wamba. Anthu oposa miliyoni imodzi akhala akuthawa m'makwawo.

Asilikali akunja anabwera mochedwa. Asilikali aganyu a Wagner a ku Russia anafika mu 2019 n'kubwerera atapsa zala. Tauni ya Palma itaukiridwa pa 24 Malichi 2021, Rwanda inatumiza asilikali mu Julayi, ndipo SADC inatumiza gulu lake la SAMIM, lomwe Malawi anali nawo. Mu Ogasiti Mocímboa da Praia inalandidwanso patatha chaka ili m'manja mwa zigawenga, ndipo anthu ambiri anabwerera kwawo. Apa asilikali akunja anapulumutsa miyoyo, tisakane. Koma moto umapita kumene kwatsala tchire. Zigawengazo zinamwazikana m'timagulu, kumapeto kwa 2021 zinaonekera ku Mecula m'chigawo cha Niassa, chomwe chimachita malire ndi Malawi, ndipo mu 2022 zinafika ku Nampula. SAMIM inatseka ntchito mu Julayi 2024 nkhondo isanathe.

Asilikali akunja atachoka onse, uchigawenga ungathe?

Mali yayankha kale. Muammar Gaddafi atagwa mu 2011 ndege za NATO zikuthandiza, zida za ku Libya zinasefukira kummwera, ndipo mu 2012 kumpoto kwa Mali kunagwa. Pamenepo kulowerera kwa akunja ndiko kunayatsa. France inalowa mu Januwale 2013, inakhala zaka pafupifupi khumi, ziwembu zikungofalikira ku Burkina Faso ndi Niger. Anthu anatopa nayo, ndipo asilikali ake anachoka ku Mali mu Ogasiti 2022. Kupha sikunachepe. Mu Malichi chaka chomwecho ku Moura, malinga ndi United Nations, asilikali a Mali ndi anzawo akunja anapha anthu osachepera 500. Pofika 2024 chigawo cha Sahel, momwe muli mayiko atatuwa, chinali ndi theka la imfa zonse za uchigawenga padziko lapansi. Gulu likakhala kuti lagwira migodi ya golide, likutolera msonkho ndiponso likuweruza milandu ya ng'ombe, silisowanso mlendo woti lizimuloza.

Ku Afghanistan America itachoka mu Ogasiti 2021 imfa zinachepadi, chifukwa a Taliban anapeza chimene ankamenyera. Koma nthambi ya ISIS ya kumeneko inapitiriza kuphulitsa mizikiti ndi sukulu za a Hazara, omwe ndi a Shia.

Ena amatchula John Chilembwe pa mkanganowu. Zikugwirizana bwanji?

Chilembwe sitikumuika m'gulu la opha ana asukulu. Analamula kuti akazi ndi ana asakhudzidwe, ndipo sanakhudzidwe. Koma nkhani yake imatithandiza kudzigwira tokha. Anali mbusa, anthu ake anasonkhana pa tchalitchi cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ndipo usiku wa pa 23 Januwale 1915 anadula mutu wa William Jervis Livingstone ku Magomero. Palibe Mmalawi amene amati chinachititsa ndi Baibulo. Tonse timatchula thangata, zikoti za pa esiteti ya Bruce, matchalitchi amene anaotchedwa, ndi anyamata athu amene ankatengedwa kukafera nkhondo ya azungu, zimene iye anadandaula m'kalata yake ya mu 1914. Pa nkhani yathu timadziwa kuti chikhulupiriro chinapereka mawu, malo okumanira ndi kulimba mtima, pamene bala lenileni linali kwina. Nkhani ikakhala ya anthu akutali timaiwala kufunsa kuti bala lawo lili pati.

Asilikali a Malawi amapita ku Congo. Kodi sitikudziitanira tsoka?

Chiopsezo chilipo, za ku Kampala zija zinatiphunzitsa. Mpaka pano Malawi sanaonepo chiwembu cha mtundu wa Westgate, ndipo chimodzi chimene chatithandiza n'chakuti atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu akhala pa tebulo limodzi mu Public Affairs Committee kuyambira 1992. Zoopsa zenizeni zili pafupi kuposa Congo: malire aatali osatetezeka, achinyamata osowa chochita amene angakopeke ndi lonjezo la ntchito kutsidya, ndi wapolisi amene angaganize kuti ndevu ndi mkanjo ndi umboni wokwanira.

Kusiyana kwa msilikali wolanda dziko ndi msilikali wodzateteza kumaoneka ndi maso a anthu a m'mudzimo, osati pa pepala la United Nations ku New York. Asilikali athu anayamba kupita kummawa kwa Congo mu 2013 m'gulu lapadera la United Nations, ndipo mmodzi mwa adani awo ndi ADF, gulu lochokera ku Uganda limene linadzagwirizana ndi ISIS ndipo limapha alimi ndi zikwanje m'minda mwawo. Mu Novembala 2018 pafupi ndi Beni anafa asilikali osachepera 6 a Malawi ndi mmodzi wa Tanzania. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anaomberedwa atakokera pobisalira msilikali wa Tanzania wovulala, Corporal Ali Khamis Omary, amene anapulumuka. Mu Meyi 2019 banja la Chitete linalandira m'malo mwake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe ndi yapamwamba kwambiri pa asilikali osungitsa mtendere a United Nations.